Phunziro 4: Mtsinje wa Shire ndi Magetsi Athu

Mvula ikatha m'mwezi wa Epulo, chigwa cha Shire chimakongola. Milambe imayamba kuyoyola masamba, udzu umafiira, ndipo thonje limayera mbee m'minda ya ku Utale ndi ku Ulongwe. Koma ife akhristu tisangoona kukongolako. Tiyang'anenso m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, m'mene mvula yasiya mchenga ndi matope. Dothi limenelo lachokera m'minda mwathu.

Shire amachokera m'nyanja ya Malawi, nadutsa m'nyanja ya Malombe mpaka ku Liwonde. Kumeneko kuli Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti madzi aziyenda mwa muyeso. Kumunsi kwake ndiko kuli makina opangira magetsi: Nkula (1966), Tedzani (1973) ndi Kapichira (2000). Madzi akamagwa pa mathithi amazunguza makinawo, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi womwewu.

Nanga dothi lathu likukhudzana bwanji ndi zimenezi? Tikadula mitengo kuti tiotche makala, kapena tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula imakokolola nthaka. Rivirivi amathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde, choncho palibe chotchinga matopewo mpaka akafike ku Nkula. Damu likadzaza matope limasunga madzi ochepa, ndipo mchenga umadya zitsulo za makina. Namasupuni nayenso amatseka njira za madzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Ena adzati, "Kwathu kulibe magetsi, ndiye zikutikhudza bwanji?" Funsoli ndi lomveka, ndipo tili ndi ufulu wofunsa aphungu ndi makhansala athu chifukwa chake mawaya amangodutsa pamwamba pa midzi yathu. Komabe chigayo chikaima amavutika ndi amayi, ndipo kuchipatala katemera amafunika furiji. Ndiponso chajira chikakokoloka, woyamba kugona ndi njala ndi mwini munda.

Sitikunyoza wootcha makala, pakuti kawirikawiri ndi umphawi umene umamutuma. N'chifukwa chake nkhaniyi siyotha munthu payekha. Pa msonkhano wa mphakati sabata ino tikambirane: ndi makwawa ati m'mudzi mwathu amene akukula chaka ndi chaka? Kodi amfumu angatipatse malo a nazale, kuti pofika Disembala mbande zikhale zitakonzeka? Nanga vetiva wa m'migula timupeza kwa yani?