Mbuzi Ziwiri za pa WhatsApp

Mwana wa mlongo wanga analipa mbuzi ziwiri chifukwa cha chala chake chachikulu. Sanabe, sanamenye munthu. Anangodina pa foni.

Amakhala kwa Malama, limodzi mwa madera a mafumu a Akunda m'boma la Mambwe, kutsidya kwa paki ya South Luangwa. Mvula ikagwa, msewu wochokera ku Mfuwe umasanduka phala, galimoto n'kugona m'njira. Nyuzipepala ikafika kumeneko imakhala itakulunga kapenta. Netiweki imagwira mwa apo ndi apo, moti anyamata amadziwa chulu chimene uthenga umalowera, ndipo madzulo mumawapeza ataima pamenepo, manja m'mwamba ngati akupempha mvula.

Musawaseke. Foni imeneyi inawatsegulira khomo pa nthawi yomwe makomo ena ankatsekedwa. Mu June 2016 a ZRA anatseka nyuzipepala ya The Post ponena kuti ili ndi ngongole ya msonkho, kutatsala miyezi iwiri kuti anthu avote. Mu April 2020 bungwe la IBA linalanda laisensi ya Prime TV. Chaka chomwecho wailesi ya PASME ya ku Petauke inatsekedwa chifukwa choulutsa mawu a Hakainde Hichilema, yemwe panthawiyo anali wotsutsa boma. Achinyamata a ku Lusaka atafuna kuchita zionetsero mu June 2020, apolisi anadzaza misewu. Iwo anapita kutchire, nakweza zikwangwani zawo pa Facebook, dziko lonse n'kumaonera. Pa tsiku la masankho, pa 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinangoti zii, mpaka a Chapter One Foundation anakadandaula ku High Court. Koma moto unali utayaka kale. Hichilema anapambana pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi.

Mphwangayo anavota koyamba tsiku limenelo. Anandiimbira foni mawu atasasa: “Amalume, ife ndi foni tasintha boma.” Kuchokera pamenepo anayambitsa gulu la pa WhatsApp la achinyamata a kwawo, iye n'kukhala adimini. Ndinene zoona, gululo linagwira ntchito. Njovu zikalowa m'minda, anthu ankachenjezana usiku womwewo. Mjigo ukawonongeka, chithunzi chinkafika kwa oyenera kukonza tsiku lisanathe.

Kenako kunabwera chilala cha 2024. Pa 29 February pulezidenti analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo patapita nthawi chimanga chothandiza anthu chinayamba kufika m'midzi. Njala imanola makutu. Tsiku lina m'gulumo munalowa mawu ojambulidwa, osakwana mphindi imodzi, a munthu wosadziwika. Ankanena kuti bambo wina wa m'komiti yogawa chimanga wanyamula matumba usiku pa ngolo kukagulitsa. Panalinso chithunzi: ngolo, matumba, kuwala kwa tochi. Mphwangayo sanafunse munthu. Anatumiza kumagulu ena atatu, n'kulembapo mawu ake, ndi dzina la bamboyo lathunthu.

Kutacha, anyamata anali atazungulira nyumba ya mkuluyo. Mkazi wake anathawira kwa anansi, ana akulira.

Matumbawo anatulukadi usiku. Koma chifukwa chake chinali chakuti njovu inali itanunkhiza chimanga n'kugumula ngodya ya chipinda chosungiramo, monga zimachitira m'chigwa chimenechi, ndipo a nyakwawa analamula kuti matumba asamutsidwire m'nyumba ya njerwa zowotcha. Atawerenga pamaso pa anthu, silinasowe ngakhale limodzi.

Pa bwalo, mphwangayo anayesa kunena kuti mawuwo si ake, anangotumiza. A nyakwawa anamufunsa modekha: “Mwana wanga, ukatola khala la moto panjira n'kukaliika pa denga la mnzako, tikafunse amene anakoleza moto?” Iye anawerama. Mbuzi ziwiri, ndi kupepesa atagwada. Bamboyo ndi apongozi a msuweni wake, choncho nkhaniyi idzakumbukika pa maliro aliwonse.

Ine chimandiwawa si mbuzi ayi. Pa mndandanda wa olandira chimanga panalidi vuto: agogo ena amasiye sanalembedwe. Imeneyo ndiyo inali nkhani yoyenera phokoso, ndipo gulu lija likanaitha. Koma mphwangayo ataitulutsa patapita milungu iwiri, anthu anangoti, “Za pa foni zija zayambanso.” A m'komiti anapeza pobisala. Agogowo anadikira mpaka mai wina wa kutchalitchi, wopanda ndi foni yomwe, anayenda wapansi kukakhala pa msonkhano ndi maina atalemba pa pepala la m'kope.

Apa ndi pamene ambiri sitinaonepo bwino. The Post inali ndi zolakwa zake zambiri, koma nkhani isanatuluke pankakhala mkonzi wofunsa kuti wamva kwa yani, ndipo ikavuta pankakhala loya. Boma likatseka nyuzipepala, ntchito ya mtolankhani imagwera mnyamata wa pa chulu, koma mkonzi ndi loyayo sabwera nayo. Amatsala yekha, ndi simu khadi yolembetsedwa pa reji yake. Wolemba mawu ojambulidwa aja mpaka lero sakudziwika. Wodziwika ndi amene anatumiza.

Ndiponso mphwangayo anachita mwayi kuti nkhani inathera pansi pa mtengo. Mu March 2020 mnyamata wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi anamangidwa pomuganizira kuti ananyoza pulezidenti pa Facebook. Lamulo la kunyoza pulezidenti linachotsedwa mu December 2022, inde. Koma lamulo la za intaneti limene Lungu anasaina mu March 2021, lomwe otsutsa boma ankalidzudzula kwambiri, linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano omwe Hichilema anasaina mu April 2025. Maloya ndi mabungwe a atolankhani anadandaula kuti akupatsa boma mphamvu zambiri zomvetsera mauthenga a anthu, ndipo ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake. Wokwera pa foni kupita ku State House ndiye amadziwa bwino kuti foni imatha kugwetsa munthu.

Ndinapita kwa Malama chilimwe chatha. Gulu lija likadalipo, koma anthu achepa, ndipo zambiri ndi zotsatira za mpira ndi mauthenga a maliro. Tili pa chulu paja, foni ya mphwangayo inalira. Anamvetsera mawu ena ojambulidwa, nkhope itakwinyika, chala chili m'malere pamwamba pa galasi. Kenako anaika foni m'thumba n'kutenga njinga.

“Ukupita kuti?”

“Ndikaone kaye, amalume. Ndi pafupi pompa.”

Kunali makilomita asanu ndi awiri, dzuwa la October lili pamutu.