Miyala Imene Mumakumba Imathandiza Kupanga Mankhwala

Kodi mukudziwa ntchito ya miyala ya ku mgodi wa Unki ku Shurugwi ndi wa Mimosa ku Zvishavane? M'miyalayi muli pulatinamu ndi chitsulo china chotchedwa palladium, chimene amachigwiritsa ntchito m'mafakitale opanga mankhwala.

Chitsulochi chili ngati nkhoswe. Zinthu ziwiri zopangira mankhwala zikamakanika kugwirana, palladium wochepa chabe amazilumikiza. Ntchito ikatha amamuchotsa, monga nkhoswe imabwerera kwawo ukwati ukamangidwa. Mankhwala a BP otchedwa losartan ndi ena mwa mankhwala opangidwa motere. Mu 2010 akatswiri atatu, Heck, Negishi ndi Suzuki, analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha njirayi.

Kumbukirani izi:

• Musaope mankhwala a kuchipatala poganiza kuti mukumeza chitsulo. Imwani monga mwauzidwira.

• Fumbi la mumgodi si mankhwala. Limawononga mapapo ndipo limachititsa kuti TB ikugwireni mosavuta.

• Valani chotchinga pamphuno ndi pakamwa nthawi zonse mukakhala pafumbi.

• Mukamatsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, pitani kuchipatala msanga mukayezetse.