CHIPHUNZITSO: BWALO LA MILANDU NDI NKHANZA ZA M'BANJA

Ukwati ndi Sakramenti loyera, koma kuyera kwake sikupatsa mwamuna ufulu wa kumenya mkazi. M'chaka cha 2006 dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamuloli lipatsa woweruza mphamvu ya kuletsa wankhanza kuzunzanso mnzake, ngakhale kumtulutsa m'nyumba.

Komatu fodya wa munthu ndiye ali pamphuno. Mai wa ku Mphunzi ayenera kupeza ndalama ya ulendo wa ku bwalo, yake ndi ya mboni zake. Mlandu ukaimitsidwa kawiri, angotaya mtima nabwerera ku ndodo yomweyo.

Kuyambira 2019, ndalama za European Union zidathandiza oweruza kukazenga milandu yotere m'midzi ya maboma 6, monga Dowa ndi Ntchisi. Dedza sidali m'gululo. Ndipo thandizo la alendo limatha: Boma liyenera kupatula ndalama zakezake chaka ndi chaka, kuti bwalo lifike kwa osauka.

Ankhoswe ndi akulu a Mpingo ayanjanitse okangana, koma asabise mlandu wa wovulazidwa. Kumperekeza ku polisi ndi nchito ya chifundo yoyenera Mkristu.