Mwawerenga Mipando, Nanga za Airbag Mwafunsa?

Ndikudziwa chimene mukufuna. Ana akula, agogo nawonso amafuna malo mukamapita kumudzi, ndipo ka Vitz kaja sikakukwananso. Mwakhala mukusunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo maso anu ali pa Noah, Voxy, Stream kapena X-Trail yakale ndithu, poti ndiyo imene thumba lingakwanitse. Mukaipeza mudzawerenga mipando, mudzatsegula kumbuyo kuona ngati matumba a chimanga angalowe, mudzamvetsera kulira kwa injini. Zonsezo n'zofunika. Koma kodi mudzafunsa za chimene chabisika mkati mwa chiwongolero, moyang'anana ndi khosi lanu?

Pa 13 Julayi 2017, ku Cabramatta mumzinda wa Sydney ku Australia, bambo wina wa zaka 58 ankayendetsa Honda CR-V ya 2007, galimoto yabwinobwino ya banja. Anagundana ndi galimoto ina. Ngoziyo inali yaing'ono, yoti munthu amatsika n'kuyamba kukangana za amene alipire. Airbag inatuluka monga mwa ntchito yake, koma kachitini kachitsulo kamene kamaipopa mpweya kanaphulika, ndipo chidutswa chake chinamulasa pakhosi. Bamboyo anamwalira.

Airbag imeneyo inapangidwa ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Takata. Kuti thumba lifufume m'kuphethira kwa diso, Takata inkaika m'kachitiniko mankhwala a ammonium nitrate, omwe alinso mu feteleza wa CAN amene timathira m'munda. Mankhwalawa akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi achinyezi amawonongeka, ndipo tsiku la ngozi amayaka mwamphamvu kuposa muyeso mpaka kung'amba chitsulo. Ku America kokha ma airbag pafupifupi 67 miliyoni anaitanidwa kuti akasinthidwe. Anthu oposa 30 afa nawo padziko lonse. Takata inavomera mlandu wobisa zoona, inalipitsidwa madola 1 biliyoni, ndipo mu Juni 2017 inagwa.

Tsono mvetserani pamene zinalakwikira. Banja la bambo uja linkadziwa. Makalata ochokera ku Honda anali atafika, ndipo tsiku lokasintha airbag linali litapanganidwa, la pa 11 Julayi. Kenako tsikulo linasunthidwa mpaka Okutobala. Patangopita masiku awiri kuchokera pa tsiku loyamba lija, ngozi inachitika. Galimoto inapitiriza kuyenda pamsewu chifukwa inkalira bwino, inkakhota bwino, ndipo panalibe chilichonse chooneka ndi maso choti n'kuopa. Kodi inuyo mukanaiimika? Nenani zoona. Ana ayenera kupita kusukulu, mayi ali ndi katundu wa kumsika, ndipo miyezi itatu siioneka yaitali. Ambirife tikanatenga makiyi n'kunyamuka. Vuto limene silimveka m'khutu timaliika kumapeto, pambuyo pa mabuleki olira ndi batire lofooka, ngakhale kuti ndi limene lingaphe munthu.

Ku Japan komweko, mu Okutobala 2015, mayi wina amene anakhala pampando wa kutsogolo mu Nissan X-Trail anavulazidwa ndi airbag ya mtundu womwewu m'chigawo cha Shizuoka. Galimotoyo inali itapita kale kugaraja chifukwa cha nkhani yomweyi. Anaiyeza, anaona ngati ilibe vuto, n'kuibweza osasintha kanthu. Choncho mawu akuti "anaiona kale" asakukhazikeni mtima pansi. Funso ndi lakuti: anasintha kapena sanasinthe?

Anthu onsewa anali ndi mwayi umene inu mulibe: kampani inkadziwa kumene amakhala. Galimoto imene mukufunayo inatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena inadzera ku Durban, ndipo mwina yadutsa kale m'manja mwa anthu atatu kuno kwathu. Kalata yochenjeza imapita kwa mwini wake wa ku Japan, amene anaiiwala kalekale. Kumeneko boma linalamula kuti kuyambira Meyi 2018 galimoto zokhala ndi ma airbag oopsa kwambiri zisamapatsidwe chitupa choyendera mpaka zitakonzedwa. Nanga imene inachokako lamulolo lisanayambe, ndani anaikonza? COF yanu ikuuzani za mabuleki, magetsi ndi matayala. Za kachitini kaja siinena kanthu. Ndipo ganizirani kumene galimotoyo yakhala ikugona zaka zonsezi. Kutentha kwa ku Nsanje ndi Chikwawa, chinyezi cha ku Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay, ndi nyengo yeniyeni imene imawononga mankhwala aja.

Sindikunena kuti Noah iliyonse kapena CR-V iliyonse ndi yoopsa. Zambiri zinakonzedwa zisanakwere sitima, ndipo zina sizinakhudzidwe n'komwe. Koma Noah, Voxy, Alphard, Ipsum, Stream, Fit, CR-V ndi X-Trail za zaka zina, makamaka za m'ma 2000, zili pa mndandanda wa zoitanidwa. Pa zambiri za Toyota, airbag yokayikitsa ndi ya kumanzere, kutsogolo. Ndani amakhala pamenepo m'banja mwanu? Si mayi a ana, nthawi zina atafukata khanda pamiyendo?

Musanapereke ngakhale tambala, lembani nambala ya chassis. Iwerengeni pagalimoto penipenipo, pachitsulo, kenako muifananize ndi ya pa blue book. Makampani monga Toyota, Honda ndi Nissan ali ndi masamba pa intaneti a ku Japan pamene mumalemba nambalayo n'kuona ngati pali ntchito imene sinachitike. Masambawo ndi a Chijapani, koma foni yanu imamasulira. Apo ayi, pitani nayo nambalayo kwa amene amaimira kampaniyo mumzinda wanu, mukafunse ngati angasinthe airbag ya galimoto yobwera kuchokera ku Japan, ndi kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Wogulitsa amene akukana kukupatsani nambalayo, kapena akukufulumizitsani kuti "wina akubwera nayo ndalama masana ano, bwana," wakuuzani kale chimene muyenera kudziwa.

Mukalowa m'galimoto, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane padashibodi. Kanyali ka airbag kayenera kuyaka kwa kanthawi kochepa kenako n'kuzima kokha. Kakapanda kuzima, pali vuto. Kakapanda kuyaka n'komwe, dandaulani kwambiri, chifukwa pali anthu amene amachotsa babu kapena kumata kanyaliko kuti wogula asaone. Dziwaninso kuti vuto la Takata silimayatsa nyali iliyonse, ndiye kanyali kabwino sikalowa m'malo mwa nambala ya chassis. Yang'anani pakati pa chiwongolero ndi pamwamba pa dashibodi. Ngati mtundu wake ukusiyana ndi malo ena, ngati pali guluu kapena mpata, galimotoyo inachitapo ngozi, ndipo muyenera kufunsa chimene anaikamo. Ena amasiya mopanda kanthu. Ena amagula airbag ya galimoto yophwasulidwa, ndipo ku Las Vegas mu 2017 mtsikana wina anavulala kwambiri pakhosi ndi airbag ya Takata imene inachotsedwa m'galimoto ina n'kuikidwa mu Honda Accord yokonzedwanso. Pemphaninso pepala la ku okushoni ya ku Japan. Chilembo R pamenepo chikutanthauza kuti galimotoyo inakonzedwapo itachita ngozi.

Kenako pitani kumbuyo kwenikweni, kumipando imene yakukopaniyo. Kokani lamba aliyense mwamphamvu, muone ngati akugwira. Mipando 8 yokhala ndi malamba 5 ndi galimoto ya anthu 5.

Ndikudziwa kuti mukalipira galimoto, msonkho wa MRA ndi inshuwalansi, m'thumba simutsala kanthu, ndipo n'chifukwa chake ambiri amati zinazi tidzaona mtsogolo. Musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Tsikirani pa galimoto yocheperako pang'ono, ngakhale ana apanikizane, kuti mutsale ndi ya makaniko wanu wokhulupirika, osati wa wogulitsa, ndi ya matayala atsopano. Ndipo ngati galimoto ili kale pakhomo panu ndipo mwapeza kuti airbag yake sinasinthidwe, musadule mawaya nokha kapena kupatsa makaniko wa pansi pa mtengo kuti aichotse, chifukwa ingathe kumuphulikira m'manja. Kalembetseni kuti ikasinthidwe, ndipo akakusunthirani tsiku, bwereraniko mawa lake mukaumirire. Ngati yokayikitsayo ndi ya kumanzere, mayi ndi ana azikhala kumbuyo kufikira itasinthidwa. Ngati ndi ya m'chiwongolero, galimotoyo iime.