KUFESA MBEU ZA NDIWO M'MABOKOSI PAKHONDE

Phunziro lathu la mwezi uno liri la mbande za ndiwo zamasamba. Ndidziwa kuti ena mwa inu adzati, "Ife ndife alimi a fodya, za nazale tidazidziwa kale, atiuzanso zotani?" Inde, mudziwadi. Munthu wokhoza kufesa njere za fodya, zimene zichepa ngati fumbi kotero kuti pa galamu imodzi pakhala njere zoposa 10,000, sangalephere njere za matimati zimene pa galamu zingokwana monga 300. Koma taonani chodabwitsa. Mlimi yemweyo amene nazale yache ya fodya anthu achita nayo kaso, pofika Juni, nkhwani atauma m'munda, dimba lache likali lopanda kanthu. Mai a kunyumba ayamba msanga kutapa mfutso umene ukadawasunga kufikira Okutobala, ndipo pambuyo pache ana adyera nsima mchere. Bvuto limeneli liyambira pa mbande.

CHIFUKWA CHOFESERA PAKHONDE

Kuti dimba lidyetse banja m'Meyi ndi m'Juni, mbande ziyenera kukhala zokonzeka kumapeto kwa Malichi kapena kuchiyambi kwa Epulo, pamene madzi ayamba kuphwa m'madambo. Ndiko kunena kuti njere zifesedwe m'Febuluwale. Koma Febuluwale ndiwo mwezi wa mvula yamphamvu. Wofesa pamtetete aona madontho alikufukula njere, madzi alikukokolola bedi, ndipo mbande zotsalazo ziola m'tsinde. Pamenepo mlimi ataya mtima, nadikira kuti mvula ithe. Afesa m'Meyi, chisanu chitayandikira. Ndipo kumalo ozizira monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba njere za matimati ndi tsabola zichedwa kumera, pakuti zifuna kufunda kwa madigiri 20 kufikira 30, ndipo kukazizira kufika pa 10 zingokhala duu m'dothi. Ndiwo zache zidzakhwima pamene ali yense ali nazo, mtengo utagwa kale pamsika.

Bokosi la pakhonde lichotsa mabvuto awa. Denga litchinga mvula, usiku wa chisanu bokosi mulilowetsa m'nyumba, ndipo mbande ziri pamaso panu tsiku lonse. Njere za m'sitolo nzodula, ndipo m'bokosi zotayika nzochepa.

MBEU ZOYENERA BOKOSI

Si mbeu zonse zikonda kuokedwa ai. M'bokosi mufese matimati, kabichi, repu, tanaposi, chayinizi, anyezi, tsabola ndi mabiringanya. Koma nyemba, khobwe, therere lobala, maungu, nkhaka ndi karoti mubzale pamalo pomwe zidzakulire, pakuti mizu yache siifuna kusokonezedwa. Karoti wookedwa apindika ndi kuchita mphanda.

Musanakonze bokosi muyambe mwayesa njere. Muwerenge 20, muzikulunge m'kansaru konyowa, ndi kukasunga pofunda osalola kuti kaume. Patapita masiku 10, kapena milungu 2 ngati ndi tsabola, muwerenge zimene zatulutsa muzu. Zikakwana 16 kapena kuposa, mbeuyo njabwino. Zikalephera kufika 10, musataye nayo nthawi. Muchenjere makamaka ndi anyezi, popeza njere zache zifoka chikangotha chaka chimodzi. Ndiponso pa paketi pakalembedwa F1, mbeuyo nja haibulidi monga chimanga chija muchidziwa: m'zipatso zache musasungemo njere zobzala.

BOKOSI NDI DOTHI

Bokosi liri lonse la matabwa litha, kungoti kuya kwache kukhale masentimita 8 kufikira 10, ndiko kupitirira pang'ono chala chanu cha mkombaphala. Beseni lotha nchito, dengu lakale kapena zitini zithanso. Muboole pansi pache ndi msomali malo ambiri kuti madzi azituruka. Muliike pa thandala lofika m'chiuno, pakuti nkhuku imodzi itha kufafaniza nchito ya milungu 3 inu mulikudya nsima.

Dothi musanganize motere: mbale 2 za dothi lakuda la pamwamba, lotapa pansi pa mitengo ya kuthengo, mbale 1 ya manyowa oolerana bwino, amene sanunkhanso ndowe, ndi mbale 1 ya mchenga wa kumtsinje. Musefe zonse. Mukalinyowetsa pang'ono ndi kulifumbata, liumbike m'dzanja, koma polikhudza ndi chala liyoyoke. Likamata ngati dongo la mbiya, muonjeze mchenga.

Tsono dothilo liphikidwe. Makolo athu anali kutentha mapesi pa mabedi a fodya kuti aphe matenda ndi njere za udzu. Pambuyo pache kudabwera mankhwala a methyl bromide, koma amenewo adaletsedwa potsata pangano la maiko la ku Montreal la 1987, chifukwa aononga mlengalenga. Kwa dothi la mabokosi owerengeka moto ukwanira. Muthire dothi lonyowa mu mgolo wodula pakati, mukwirire mbatata yaing'ono pakati pache, mubvundikire ndi chiguduli chonyowa, ndi kusonkha moto pansi. Chifunika ndicho kutentha kwa madigiri monga 80 kwa mphindi 30. Mbatata ija ikapsa, dothi lapsanso. Chimene chipha matenda ndiyo nthunzi, chotero musaliotche louma kufikira litafiira, mungaononge chonde chache. Mulisiye lizizire masiku angapo lobvundikira musanafese.

CHENJEZO KWA ALIMI A FODYA

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Fodya, matimati, tsabola, mabiringanya ndi mbatata ya kachewere ziri za fuko limodzi, ndipo matenda a m'bale agwira m'bale mnzache. Awiri a matendawo muwadziwe bwino.

Oyamba ndiwo a nyongolotsi zazing'ono zosaoneka ndi maso, zimene a ulimi azitcha manematodi. Zilowa m'mizu ndi kuitupitsa mfundomfundo, ndipo yaikazi imodzi iikira mazira mazana angapo. Mbeu yogwidwa ifota masana ngakhale pansi pali chinyezi. Musasokoneze mfundozi ndi timibulu tabwino ta pa mizu ya nyemba ndi mtedza: timeneto tikhala pambali pa muzu ndipo tithothoka ndi chala, koma mfundo ya nthendayi ndiwo muzu womwe umene watupa.

Ine ndidaphunzira izi mochititsa manyazi. Pamene ndinali kuphunzitsa ana pasukulu ina ya kumudzi, ndidafuna kuwaonetsa kafesedwe ka m'bokosi. Poona kuti dothi la pa nazale yakale ya fodya linali lofewa ndi lakuda, ndidatuma ana akatape lomwelo, ndipo sindidaliphike. Mbande zidamera zokongola, tidazioka, makolo nabwera kudzaona. Zitayamba maluwa zidayamba kufota. Pozula chimodzi tidapeza mizu yonse iri mfundo zokhazokha. Chondiwawa koposa nchakuti nthendayo ndidaipereka ndi manja anga ku dimba limene linali labwino. Chifukwa chache ndinena: musatape dothi pa nazale ya fodya, m'munda wa fodya, kapena pamene padali matimati.

Achiwiri ndiwo a mawanga, otchedwa mozeiki, amene achititsa masamba kukhala a mathothomathotho obiriwira ndi otuwa, ndi kukwinyika. M'chaka cha 1886 Adolf Mayer, pogwira nchito ku Holland, adaonetsa kuti madzi a tsamba lodwala apatsira fodya wabwino. M'chaka cha 1898 Martinus Beijerinck wa komweko adaonetsa kuti chimene chiyambitsa nthendayi nchaching'ono koposa mabakiteriya, nachitcha vairasi. Kachirombo kameneka kakhala ndi moyo zaka zambiri m'fodya wouma, kayenda pa manja, pa mpeni ndi pa zobvala, ndipo mbeu ikagwidwa palibe mankhwala ochiza. Tsono kumbukirani kuti Febuluwale ndi Malichi ndiyo miyezi imene manja anu ali m'fodya kuyambira m'mawa kufikira madzulo, kuthyola, kusoka ndi kupachika. Chotero musunge malamulo awa:

1. Musaike mabokosi m'chigafa kapena pafupi ndi posankhira fodya, ngakhale pali mthunzi wabwino.
2. Musambe m'manja ndi sopo musanakhudze mbande. Amene ali ndi ng'ombe abviike zala mu mkaka pooka, pakuti mkaka ufoketsa kachiromboka.
3. Wosuta kapena wonunkhiza fodya asachite zimenezi pa mabokosi, angakhale ndi agogo kapena mlendo. Muwapemphe mwaulemu.
4. Mathireyi, ziguduli ndi mipeni ya ku fodya zisabwere ku ndiwo.
5. Mbande yooneka mawanga muizule ndi kuitentha, ndipo musambenso.

KAFESEDWE

Mudzaze bokosi kusiya mpata wa chala chimodzi pamwamba, musalaze ndi kathabwa, ndi kuthirira dzulo lache. M'mawa mulembe timizere totalikirana masentimita 5, takuya sentimita 1. Mugwetse njere imodziimodzi, motalikirana ngati kukula kwa chikhadabo. Musamwaze monga muchita ndi fodya, pakuti mbande zothithikana ndizo ziyamba kudwala. Mukwirire ndi dothi losefa, mutsindire pang'ono ndi chikhato, ndi kuyala udzu wouma wopanda njere. Pa kamtengo mulembe dzina la mbeu ndi tsiku lofesa.

Kabichi, repu ndi tanaposi zimera pa masiku 4 kufikira 7. Matimati pa 6 kufikira 10. Anyezi pa 7 kufikira 12. Tsabola atha kutenga milungu 2 kapena 3. Muzisuzumira m'mawa muli monse, ndipo tsiku lomwe muona timitu toyamba muchotse udzu.

DZUWA NDI MADZI

Njere isanamere siifuna dzuwa, koma ikangomera ilifuna kwambiri. Apa ndipo ambiri alakwa. Asiya bokosi m'kati mwa nyumba kapena m'khitchini muli utsi, ndipo mbande zitalika msanga, zoonda ngati ulusi, zotuwa, zopendekera kukhomo. Mwini akondwa kuti zikukula, osadziwa kuti zilikufunafuna kuwala. Mbande zotere sizidzalimbanso, pakuti akuru adati m'mera mpoyamba. Khonde la kum'mawa ndilo labwino, ndipo mbande zipeze dzuwa maora 6 kapena kuposa. Kukacha kopanda mvula muturutse bokosi pabwalo, mitambo ikada mulibweze. Muzilitembenuza masiku onse kuti mbande ziime chiriri.

Muthirire m'mawa, ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono kapena chitini chobooledwa ndi kamsomali. Muyambe mwapisa chala m'dothi; mukamva chinyezi, mulekeze tsiku limenelo. Mbande zambiri za m'mabokosi zifa ndi madzi ochuruka koposa ndi ludzu. Mukaona zina zagwa, tsinde litada ndi kuonda pamalo pokhudza dothi, imeneyo ndi nthenda ya chuku cha m'dothi, chimene chikonda chinyontho, mdima ndi kuthithikana. Muchotse zakugwazo pamodzi ndi dothi lozungulira, muchepetse madzi, ndi kuika bokosi popita mphepo.

KUPATULIRA, KUKHWIMITSA NDI KUOKA

Masamba awiri oyamba ndi a njere chabe. Pakaoneka masamba eni eni 2, mupatulire kuti mbande zitalikirane masentimita 5. Zozulazo mutha kuziika m'bokosi lina kapena m'zitini. Muzitukule ndi kamtengo, ndi kugwira tsamba, osati tsinde. Tsamba likathothoka limera lina, koma tsinde likaphwanyika mbande yatha. Anyezi yekha alola kukhala moyandikana.

Kukhwimitsa mukudziwa kale ku fodya. Kutatsala masiku 7 kufikira 10 kuti muoke, muchepetse madzi pang'onopang'ono, ndi kuonjeza nthawi ya padzuwa kufikira bokosi ligona pabwalo. Matimati aokedwa pa milungu 4 kapena 5, atatalika masentimita 12 kufikira 15, asanachite maluwa. Kabichi ndi repu pa milungu 4 kapena 5, ziri ndi masamba 4 kufikira 6. Anyezi, tsabola ndi mabiringanya pa milungu 6 kufikira 8.

Muoke madzulo kapena tsiku la mitambo. Muthirire bokosi kwambiri poyamba, kuti mbande iri yonse ichoke ndi dothi lache ku mizu. Matimati muwazamitse kufikira masamba a m'munsi, pakuti tsinde lache lituruka mizu yina. Koma kabichi musamkwirire mtima. Matimati atalikirane masentimita 60 m'mizere ya masentimita 90, kabichi 45 kufikira 60, ndi anyezi 10 m'mizere ya masentimita 30. Mukatha muthirire ndi kuphimbira pansi ndi udzu.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi, mungadzakhale ndi makabichi 100 okhwima sabata imodzi. Kabokosi kamodzi pa milungu 3 iri yonse, kuyambira pakati pa Febuluwale, kadzakupatsani ndiwo zosalekeza kufikira mvula yina.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Nchifukwa ninji dothi la pa nazale yakale ya fodya siliyenera mbande za matimati?
2. Kodi mudziwa bwanji kuti dothi la mu mgolo lapsa?
3. Mbande zikatalika zoonda ndi zotuwa, zasowa chiani?
4. Mukufuna kuoka kabichi pa 1 Epulo. Kodi mufese liti?

Muwerengere phunziroli anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo pamene pakubvutani mufunse Mlangizi wa kwanuko. Bokosi, mchenga ndi manyowa muziyambe kusonkhanitsa tsopano, nchito ya fodya isanakupanikizeni.