Phunziro la Zaumoyo: Munthu Akalumidwa ndi Kangaude

Phunziro lathu la mwezi uno likukhudza kachilombo kamene timakhala nako m'nyumba tsiku ndi tsiku, kangaude. Musanayambe kukambirana pa gulu, werengani Luka 10:30-37 ndipo muone zimene Msamariya uja anachita. Anasamalira mabala, anawamanga, kenaka ananyamula wovulalayo kupita naye kumene akanathandizidwa bwino. Sanathere pamsewu pomwepo ayi.

Tiyambe ndi kuchotsa mantha. Pofika chaka cha 2022 akatswiri anali atalemba mitundu ya akangaude yokwana 50,000, koma yoopsa kwa munthu ndi yochepa kwambiri. Chikangaude chachikulu chaubweya chija chimene chimatithamangitsa m'khitchini chikaluma chimapweteka ndithu, koma kawirikawiri zimathera pomwepo. Oyenera kuwaopa ndi aang'ono obisala.

Komanso pa zaka zimene tinagwira ntchito ya unamwino tinaona kuti ambiri obwera ndi mawu akuti "wandiluma kangaude" anali asanamuone n'komwe kangaudeyo. Anangodzuka ndi chotupa. Tikayang'anitsitsa tinkapeza kuti ndi chithupsa, kapena mashingozi, kapena chilonda cha munthu wodwala shuga amene sakudziwa kuti ali ndi shuga. Choipa chake n'chakuti munthu amakhala pakhomo akudikira kuti ululu uphwe pamene matenda enieni akukulirakulira. N'chifukwa chake funso loyamba la dokotala limakhala lakuti, kodi munamuona? Ngati mwamupha, muikeni m'kabotolo mupite naye, ngakhale atanyenyeka.

Kum'mwera kwa Africa kuno akangaude oopsa tingawagawe pawiri. Gulu loyamba ndi la amene ululu wawo umagwira mitsempha. Ku South Africa amawatchula kuti button spider, ndipo ndi abale a black widow wa ku America. Mimba yawo ndi yozungulira ngati batani. Wabulauni, amene amakonda kukhala pafupi ndi anthu, ali ndi chizindikiro chofiirira kunsi kwa mimba, ndipo timatumba ta mazira ake tili ndi timinga ngati chipatso cha nsatsi. Amamanga kunsi kwa mipando, m'mphepete mwa mawindo ndi m'zimbudzi. Wakuda ndiye woopsa kuposa wabulauniyo.

Polumidwapo pamaoneka pang'ono chabe, mwina kadontho kofiira, ndipo apa m'pamene anthu amanyengeka. Pasanathe ola limodzi ululu umayamba kukwera, mwanabele amatuluka m'khwapa kapena m'mphechepeche, minofu ya miyendo ndi msana imakokana, thukuta limangoti kamukamu, BP imakwera, wodwala amasowa pogwira. Mimba imauma ngati thabwa, mwakuti wina angaganize kuti ndi apendikisi. Munthu wotere asagone pakhomo. Tisamale makamaka ana, agogo, amayi oyembekezera ndi odwala mtima. Mwana wamng'ono sanganene chimene chamuluma. Akangoyamba kulira kosatonthozeka, thukuta lili thupi lonse, mimba itauma, atangochoka kosewera, musadikire kuti abambo ake abwere.

Kuchipatala amapereka mankhwala amphamvu oletsa ululu ndi ofewetsa minofu, n'kumayang'anira BP ndi kapumidwe. Kale anthu ankadalira jakisoni wa calcium, koma zinaoneka kuti sathandiza kwenikweni. Alipo mankhwala othana ndi ululu wa kangaude ameneyu. Amapangidwa kuchokera m'magazi a akavalo, ndipo anthu ena matupi awo amawakana mpaka kubanika, choncho amaperekedwa kuchipatala kokha, kwa wodwala kwambiri, namwino ali pambali. Si chipatala chilichonse chimene chimawasunga. Ambiri amachira m'masiku ochepa ngakhale popanda iwo.

Gulu lachiwiri ndi la amene ululu wawo umawononga khungu, monga violin spider, wa miyendo yaitali yoonda, amene amabisala m'malo amdima. Uyu amaluma munthu akamutsamira pogona kapena povala, ndipo nthawi zambiri munthu samva kanthu. Pakapita maola pamafiira, pamatuluka thuza, kenaka pakati pamayamba kuda. M'sabata imodzi kapena ziwiri khungu lakufalo limachoka n'kusiya chilonda chimene chingatenge milungu, mwinanso miyezi, kuti chipole. Pamenepa pamafunika kuleza mtima. Madokotala sathamangira kudula, amadikira kuti malire a chilonda aoneke bwino. Ntchito yaikulu ndi kutsuka ndi kumanga chilonda mwaukhondo. Mwa apo ndi apo ululuwu umaphwanya magazi. Mukaona mkodzo wakuda ngati tiyi, maso achikasu, kapena thupi latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano tinene za ife eni. Zilonda zoipitsitsa zimene tinamanga sizinali zoipitsidwa ndi kangaude, koma ndi manja a achibale okonda wodwala wawo. Wina watema mphini ndi lezala yakale, wina wamanga mwendo ndi mphira mpaka kutupa, wina wapaka palafini, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Kutema sikutulutsa ululu, kumangotsegulira khomo tizilombo ndi kafumbata. Kuyamwa ndi pakamwa n'chimodzimodzi. Sitikunyoza makolo athu, iwo ankachita zimene ankadziwa, koma ife taphunzira ndiye tisiye.

Choyenera kuchita n'chapafupi. Tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, vulani mphete kapena chibangili pasanatupe, ndipo m'patseni panado, osati aspirin ngati ndi mwana. Tengani bolopeni mulembe mzere kuzungulira pofiirapo. Kufiira kukadumpha mzerewo, kapena pakaoneka mafinya, fungo, kapena mizere yofiira yokwera m'mwendo kapena m'dzanja, ndiye kuti tizilombo talowa ndipo pakufunika dokotala. Musagule makapisozi pa msika n'kumawathira pachilonda. Mankhwala ophera tizilombo sapha ululu wa kangaude, ndipo amene ayenera kuweruza ngati akufunika ndi wachipatala. Nyamulani kabuku kakuchipatala kuti aone ngati katemera wa kafumbata akufunika. Wodwala shuga kapena amene chitetezo chake ndi chotsika asadikire n'komwe zizindikiro zimenezi.

Kwa amayi amene muli pa zamu yosesa m'tchalitchi Loweruka, musalowetse dzanja kunsi kwa benchi musanayang'ane. Tembenuzani benchi, chotsani ukonde ndi timatumba ta mazira ndi tsache. Zovala za kuguwa ndi mayunifolomu amene akhalitsa m'kabati muzikung'untha musanagwiritse ntchito, chimodzimodzi nsapato za ana m'mawa ndi zofunda zimene zagwera pansi.