Oyilo Ikudontha pa Pampu: Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Magalimoto Akale a ku Luembe

Magalimoto ambiri amene amasiya tala wa Great East Road pa Nyimba n'kutsika kwa a Mfumu Luembe ndi akale: ma Hilux, ma Land Cruiser, pena Land Rover. Ndi omwewo amene amanyamula chimanga, thonje ndi odwala. Injini ikanoka kuchigwa kuno, mudzi wonse umavutika.

Kodi "silo" wa pa pampu ya oyilo ndi chiyani kwenikweni?

Dzinali timaitanira zinthu zitatu zosiyana, ndipo ambiri amagula cholakwika pa chifukwa chimenechi. Pali gasiketi ya pepala, pali mphira wozungulira wotchedwa O-ring, ndiye pali silo weniweni amene amagwira pa chitsulo chozungulira. Injini ya Toyota 22R, imene inayamba kutuluka mu 1981, pampu yake ili kutsogolo: kumbuyo kwake kuli O-ring, ndipo silo wa krankishafuti amalowa m'thupi la pampu momwemo. Rover V8 ndi Volkswagen Beetle yakale zili ndi gasiketi ya pepala pa chivundikiro cha pampu. Koma Land Rover Series ya malita 2.25 pampu yake ili m'kati mwa sampu. Imeneyo ikamadontha kunja, musainamizire pampu.

Ndidziwa bwanji kuti oyilo ikuchokeradi pamenepo?

Tsukani injini ndi palafini, pukutani, ilizeni mphindi zingapo, ndipo yang'anani ndi tochi pamene payambe kunyowa. Mphepo ya fani imakankhira oyilo kumbuyo, choncho pamene ikudonthera pansi si pamene yatulukira.

Pepala ndi pepala. Sindingadule gasiketi pa katoni kapena pa chikuto cha kope?

Pamalo ena mungapulumuke nazo, koma apa ayi, chonde. Gasiketi ya pa chivundikiro cha pampu ili ndi ntchito ziwiri. Imatseka oyilo, komanso ndi imene imaika kampata ka pakati pa magiya ndi chivundikiro. Kampatako pa injini zambiri sikafika 0.1 mm, kungofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mukaikapo katoni yokhuthala, magiya amazungulirabe bwinobwino, kunja kumauma, inu n'kumati ntchito yatheka. Koma oyilo imazemba pamwamba pa magiya n'kubwerera kumene yachokera, osapita ku mabeyaringi. M'mawa oyilo ikadali yozizira simuona vuto. Injini ikatentha pokwera mapiri a ku Kacholola, oyilo imasungunuka, presha n'kugwa, kagetsi kofiira n'kuyamba kuphethira. Mukaikanso yopyapyala kwambiri, magiya amakhula chivundikiro mwinanso kugwirana.

Pa ine, gasiketi yolakwika imene sidontha ndi yoopsa kuposa yakale imene ikudontha, chifukwa yodontha mumaiona n'kuwonjezera oyilo, pamene inayo imadya injini inu osadziwa.

Ndipite ndi chiyani kwa ogulitsa masipeya?

Nambala ya injini, osati dzina la galimoto lokha. Magalimoto akale ambiri anasinthidwapo injini, ndipo Hilux imodzimodziyo ikhoza kukhala ndi 22R, 4Y kapena dizilo ya 2L, iliyonse ndi pampu yakeyake. Tengani chakalecho ngakhale chitang'ambika. Silo amakhala ndi manambala atatu pamphepete, onena kukula kwa m'kati, kwa kunja ndi kunenepa kwake m'mamilimita, alembeni. O-ring yakale musaikhulupirire pa muyeso, popeza inaphwatalala. Yesani ngalande imene imakhalamo. Ngati ku Nyimba kapena ku Petauke kulibe, jambulani nambala ya injini ndi chakalecho, tumizani pa WhatsApp kwa wokuguliraniyo ku Chipata kapena ku Lusaka, kuti basi isakubweretsereni chosakwana.

Akundionetsa mphira wakuda wotchipa ndi wina wodula. Nditenge uti?

Wotchipayo kawirikawiri ndi nitrile, wolembedwa NBR, amene amapirira kutentha kofika cha m'ma 100 mpaka 120°C. Wodulayo ndi Viton, wolembedwa FKM, amene amafika cha m'ma 200°C ndipo sauma msanga. Kuno m'chigwa cha Luangwa, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira 40°C, galimoto italemedwa ndiponso ikuyenda pa giya yaing'ono, ine ndingalipire Viton pa silo wa krankishafuti. Mtundu wokha usakunamizeni: Viton nthawi zambiri amaoneka wofiirira, koma alipo wakuda. Werengani zolembedwa pa paketi. Ndipo mphira amakalamba ngakhale ali m'sitolo. Mupindeni pang'ono, akaonetsa timing'alu, musiyeni, ngakhale akhale m'bokosi la Toyota.

Nanga silikoni?

Pa O-ring musapake, ingomunyowetsani ndi oyilo. Pa gasiketi ya pepala ya chivundikiro, silikoni imawonjezera kunenepa, ndipo yotsalira imafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukatseka sefa ya pampu kapena tinjira ta oyilo. Pa 22R, bawuti ya pamwamba ya pampu ndi imene imafuna mankhwala otsekera pang'ono pa mazinga ake.

Ndaika chatsopano koma ikudonthabe. Chalakwika n'chiyani?

Yendetsani chikhadabo pa khosi la pule ya krankishafuti pamene mlomo wa silo umagwira. Fumbi la misewu yathu likasakanikirana ndi oyilo limakumba kangalande pamenepo, ndipo silo watsopano sangatseke. Muyikeni silo mokankhira pang'ono kuti mlomo ukhale pamalo osadyeka, kapena sinthani pule. Onaninso paipi yopumira injini: ikatsekeka, mpweya umadzaza m'kati n'kukankha oyilo pa silo aliyense. Chivundikiro chokandika pang'ono mungachisalaze pa sandipepa wosalala kwambiri woyala pa galasi, kenaka muchitsuke bwino.

Pomanga, mangani mabawuti pang'onopang'ono modumphitsa. Pampu isamangidwe youma: pa Rover V8 amakaniko amadzaza Vaseline pakati pa magiya kuti ikoke oyilo msanga. Mukaliza injini, kagetsi ka oyilo kazime m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani nthawi yomweyo ndipo mumasulenso.